ZA KUTHANDIZA TIANA TATHU PA MAWU OVUTA KUWERENGA

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za tiana tathu timene tayamba kumene sukulu. Timamva makolo ena akudandaula kuti: mwana wanga adziwa a, e, i, o, u, awerenganso "ana" ndi "mutu", koma akafika pa "nkhwangwa" angoti kakasi. Tsono ena afulumira kunena kuti mwanayo ngwouma mutu. Ife tikuti iai, sikuuma mutu kumeneko. Mwanayo wangofika pamtsinje pamene pafunika womgwira dzanja.

Chiyambire chaka cha 1902, pamene ansembe a White Fathers anamanga misoni ya Mua, masukulu a misoni anaphunzitsa ana ndi maphatikizo: ba, be, bi, bo, bu. Boma linachotsa malipiro a sukulu za pulaimale mu 1994, ndipo ana anadzaza m'makalasi. Mphunzitsi mmodzi sangathe kumvetsera mwana aliyense payekha. Chifukwa chake ntchito ina itsalira ife pakhomo.

Tili ndi mwayi waukulu, pakuti Chichewa chilembedwa monga momwe chinenedwera. Mwana safunika kuloweza mawu athunthu ngati nyimbo. Afunika kuwadula m'maphatikizo ndi kuwalunzanitsanso. Inu alimi a fodya mudziwa kuti chigafa sichidzala tsiku limodzi: musoka masamba pang'onopang'ono kufikira ndodo itadzala. Momwemonso ndi mawu. Lembani pansi ndi kamtengo: ka, kha, nkha, nkhwa. Mwana anene lililonse, ndipo pomaliza muonjeze "ngwa". Adzaona yekha kuti nkhwangwa ija imene anaiopa ndi maphatikizo awiri okha.

Pali misampha itatu imene ikola ana ambiri.

Woyamba ndi chilembo h. Mwana aike chikhatho pafupi ndi pakamwa, anene "kama", kenaka "khama". "Kola", kenaka "khola". "Pala", kenaka "phala". Pa mawu achiwiriwo adzamva kamphepo kakumuomba m'dzanja. Muuzeni kuti kamphepo kameneko ndiko h.

Wachiwiri ndi kachizindikiro kakang'ono kokhala pamwamba. "Ng'oma" ndiyo imene tiimba m'tchalitchi, koma "ngoma" ndi nyama yam'tchire ya nyanga zopotana. "Mbale" tidyeramo nsima, koma "m'bale" ndi mnzathu wobadwa naye. Ana aseka akamva zimenezi, ndipo chimene mwana waseka nacho saiwala msanga.

Wachitatu ndi m woima yekha patsogolo pa mawu, monga mu "mtengo", "mkaka" ndi "mtanda". Ombani m'manja katatu: m-ta-nda. Mwana akazolowera zimenezi, mawu aatali a m'katekisimu monga "chikhululukiro" samuopsanso, pakuti adzawerenga chi-khu-lu-lu-ki-ro, phazi ndi phazi.

Mawu asakhale ambiri. Atatu pa tsiku akwana, madzulo dzuwa lisanalowe, ndipo mawa muyambe ndi adzulo musanaonjeze atsopano. Sankhani mawu a zinthu zimene mwana aziona: nkhuku, mphika, ntchito, dzungu. M'mabanja amene alankhula Chitumbuka pakhomo, yambani mwamfotokozera tanthauzo la mawuwo, pakuti nkovuta kuwerenga chimene sunachimve. Ndipo inu amene simunapite kusukulu musadzichepetse. Muitane mkulu wake kapena mwana wa mnansi alembe, inu mukhale pomwepo kumvetsera. Khutu lanu lidziwa bwino ngati mawu anenedwa molakwa.

Tikupemphani zinthu ziwiri. Choyamba, ndodo ikhale kutali. Mwana womenyedwa chifukwa cha chilembo adana ndi buku moyo wake wonse. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Chachiwiri, nyengo yothyola ndi kusoka fodya musamjombetse mwana kusukulu. Miyezi imeneyo anzake apitirira, ndipo iye pobwerera apeza atsalira, achita manyazi, nayamba kuthawa. Fodya wa chaka chino adzagulitsidwa ndi kuiwalika, koma mwana wosadziwa kuwerenga adzanyamula mtolowo mpaka imvi. Tsiku lina adzaima pamsika wa Chinkhoma ndi pepala la mabelo ake m'manja, nadikira mlendo amuwerengere mtengo wa thukuta lake.

Pa ubatizo tinalonjeza kulera anawa m'chikhulupiriro. Kuwaphunzitsa kuwerenga ndi mbali ya lonjezo lomwelo, kuti tsiku lina adzatsekule okha Malembo Oyera ndi kuwerengera anzawo mumphakati. M'mera mpoyamba. Yambani lero lino ndi mawu atatu, ndipo Banja Loyera la ku Nazareti likuthandizeni.