Mutu 6: Kuphunzira Choimbira Munthu Atakula

Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Wopita kumeneko amabwerako mbalule ndi mpanje zikumulirabe m'makutu, mumtima atatsimikiza kuti kuimba kuli ndi eni ake, amene anayamba ali ana. Maganizo amenewa ndi amene amamanga manja anthu ambiri a zaka 40, 50 kapena 60, ngakhale choimbira akuchilakalaka. Komatu za pabwalo ndi mbali imodzi chabe ya nyimbo za dera lino. Makolo analinso ndi zoimbira za munthu payekha, zosalira oonerera kapena mphotho.

Kalimba ndi chimodzi mwa izo. Ndi kathabwa kokwana m'manja awiri, kokhala ndi tizitsulo tosulidwa totalika mosiyanasiyana, timene amatiliza ndi zala zazikulu ziwiri. Ena amakaika m'chikasi kuti mawu akule, ndipo pa kabowo amamatapo kachikopa ka mazira a kangaude kuti kazinjenjemera polira. Pakati pa Ansenga, amene ku Sinda amakhala mosakanikirana ndi Achewa, mnyamata ankaiimba ali pa ulendo wapansi kuti njira ifupike. Amayi ndi atsikana anali ndi mkangala, bango lokungidwa nsambo imodzi; mbali ina amaika pamilomo, mkamwa n'kumasintha mawu. Kulira kwake n'kwapansipansi moti wokhala kuseri kwa nyumba sangamve. N'zoonekeratu kuti woupanga ankafuna kusangalatsa mtima wa woimbayo basi. Kaligo wa nsambo imodzi, wokwecha ndi kauta, ndiponso bangwe, nazo zinkasangalatsa munthu pakhonde madzulo.

Mu 1961 katswiri wofufuza za nyimbo John Blacking analemba za kalimba ya Ansenga a ku Petauke. Chimene anapeza chili ndi phindu kwa aliyense woyamba. Anaona kuti nyimbo zambiri za kalimba, ngakhale zimamveka zosiyana, zimachokera pa kayendedwe kamodzimodzi ka zala: chala chakumanzere ndi chakumanja zimalandizana m'njira zowerengeka, zimene zimangobwerezedwa pa tizitsulo tina. Ndiye kuti wophunzira safunika kuloweza nyimbo makumi. Akagwira kayendedwe kamodzi, thupi n'kukazolowera mpaka kumacheza uku zala zikuyenda zokha, watsegula khomo la nyimbo zingapo nthawi imodzi.

Nyimbo zathu zambiri zimamangidwa motero, pa kachigawo kafupi kozungulira kobwerera pamene kanayambira. Kwa wamkulu woyamba mochedwa, umenewu ndi mwayi. Safunika kudziwa kuwerenga manotsi. Ayambe waimba kachigawoko pakamwa, aombe m'manja, kenako asamutsire pa choimbira pang'onopang'ono kwambiri, mwina mochedwa kuposa mmene mtima ukufunira. Chimene munthu sangathe kuchitchula pakamwa, manja ake sangachiimbe. N'chifukwa chake aphunzitsi a ng'oma amayamba atchula kalilidwe kake ndi mawu asanamupatse wophunzira ng'omayo.

Ng'oma ili ndi malamulo ake oyenera kuwalemekeza. Za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, zimaphunziridwa ndi olowa, kudambwe, ndipo buku silingalowerere. Za chinamwali zili m'manja mwa anamkungwi ndi amayi anzawo, ambiri a iwo anthu amvulazakale, umboni wakuti mkono wa agogo umaombabe ng'oma mpaka kucha. Koma za chimtali, za paukwati ndi za kutchalitchi n'zotsegukira aliyense. Chichitikire msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965, ng'oma ndi maseche zinalowa m'matchalitchi a Chikatolika, ndipo lero kwaya ya pamudzi, kaya ku Vubwi kaya ku Kagoro, ndi sukulu ya nyimbo yosalipiritsa. Woyamba amapatsidwa maseche kapena ng'oma yaing'ono yongosunga kugunda kumodzi. Zimaoneka zopepuka, koma mayeso ali pomwepo: kugwiritsitsa gawo lako pamene mnzako pambali akuomba zosiyana, osatengeka naye. Aphunzirenso kusamala chikumba, kuchiwamba pamoto chikafooka ndi chinyezi, ndi kumata phula pakati kuti mawu atsike.

Gitala anafika ndi anthu obwera ku migodi ndi m'matauni, ndipo wailesi inamufalitsa. Woimba Alick Nkhata, amene anamwalira mu 1978, anachititsa ambiri kulakalaka nsambo zisanu ndi imodzi. Amene analibe ndalama sanadikire. Anatenga chigubu cha mafuta, thabwa ndi waya wa buleki ya njinga n'kupanga banjo, ena n'kupanga babatoni wa nsambo imodzi, amene oimba a Madalitso Band a ku Lilongwe afika naye mpaka ku Ulaya. Nyimbo zambiri za kalindula ndi za kwaya zimayenda pa makodi atatu okha. Vuto la gitala lili pa masabata oyamba, pamene nsonga za zala zimawawa, nthawi zina kuchita matuza, khungu lisanalimbe. Ambiri amasiyira pamenepa. Mankhwala ake ndi kuimba mphindi 15 tsiku lililonse m'malo mwa maola atatu Lamlungu lokha, chifukwa zala zimagwira zinthu mwa kubwereza pafupipafupi, tulo tili pakati. Wodwala nyamakazi asankhe nsambo za nayiloni, kapena kiyibodi ngati pakhomo pali sola. Ndipo choimbira chichunidwe musanayambe. Gitala wosachunidwa amanamizira wophunzira kuti ndiye wolakwa. Foni yamakono ili ndi pulogalamu yothandiza kuchuna, koma khutu lizolowerenso kumva lokha.

N'zoona kuti mwana amagwira msanga. Donald Kachamba wa ku Chileka anali kamnyamata pamene ankaliza chitoliro cha kwela pambali pa mkulu wake Daniel. Koma wamkulu ali ndi chuma chimene mwana alibe: nyimbo mazana zimene wamva pamtondo, pamaliro, padimba ndi kutchalitchi zili kale m'mutu, ndipo amadziwa pamene nyimbo yapotoka. Giddes Chalamanda anapitirizabe kuimba atakwanitsa zaka 90. Iye anayamba kale, inde, koma akutionetsa kuti ukalamba pawokha sulanda munthu nyimbo.

Chopinga chachikulu, mmene ndikuonera, ndi manyazi. Bambo wa ana asanu amaopa kuti anthu anena kuti wayamba zachibwana, mayi amaopa kunenedwa kuti wasowa chochita, ndipo onse awiri zimawavuta kupempha mdzukulu kuti awaonetse poika chala. Manyazi amenewa akutiwonongetsa zambiri. Oimba kalimba, kaligo ndi mkangala achepa m'midzi, ndipo amene atsala ndi okalamba amene palibe akuwafunsa. Wofuna kuphunzira adikire chimanga chilowe m'nkhokwe ndi thonje ligulitsidwe, afunse kwa anyakwawa kapena kwa akulu a mpingo ngati kudera kuli wina amene ankaimba, apite ndi kankhuku kapena shuga, anene kuti, "Agogo, ndabwera kuti mundiphunzitse." Ngati kalimba yawo inathyoka, masipoko a njinga osulidwa bwino amalowa m'malo mwa tizitsulo totayika. Akalola, awajambule pa foni akuimba pang'onopang'ono, kamera italoza zala, kuti kunyumba akabwereze kachigawo koyambako mpaka ulendo wotsatira.