Habu Ikakana Kugwira pa Msewu wa ku Chelinda

Alimi ambiri a m'boma la Rumphi, makamaka a ku Bolero, Hewe ndi chigwa chonse cha Nkhamanga, amadalira mapikapu okoka ndi mawilo onse anayi potuta feteleza, chimanga ndi mabelo a fodya. Ena ali nawo awoawo, ena amasonkherana pa kalabu ndi kuchita hayala. M'dzinja galimoto zimenezi zimaona zakuda pa msewu wochokera ku Rumphi, wodzera ku Bolero ndi pa chipata cha Thazima, wokwera phiri la Nyika.

Ku Chelinda kwenikweniko sikulimidwa, pakuti ndi m'kati mwa nkhalango yosungirako nyama ya Nyika imene inakhazikitsidwa mu 1965. Koma mlimi wopita ku Nthalire amakwera msewu womwewo kufikira pa mphambano ya ku Chelinda. Kuchokera ku Rumphi kufika ku Chelinda ndi makilomita opitirira 100, ndipo malowo ali pamwamba mamita oposa 2,000. Mukangodutsa Thazima mulibe midzi, mulibenso galaja. Galimoto ikatitimira kumeneko feteleza amagona pa mvula.

Chimene chimagwetsa madalaivala ambiri m'mavuto otere ndi kachitsulo ka pakati pa wilo lakutsogolo, kamene amakaniko amati habu. Ntchito yake ndi kulumikiza wilo ndi shafuti yochokera ku difu. Mahabu ena amatembenuzidwa ndi dzanja, dalaivala atatsika. Ena ndi odzitseka okha. Mukaika giya yaing'ono ija pa 4H kapena 4L, shafuti imayamba kuzungulira, ndipo kuzungulirako kumakankha kamphete ka mano kuti kalumane ndi mano a wilo. Mukabwezera pa 2H ndi kubwerera m'mbuyo mamita awiri kapena atatu, sipuling'i imakabweza, wilo n'kumasuka.

Apa pali mfundo imene tikupempha alimi ndi madalaivala awo kuti aimvetse bwino. Habu imodzi yokha ikakana, mawilo onse awiri akutsogolo amaleka kukoka. Difu imatumiza mphamvu kumene kuli kopepuka, choncho shafuti ya mbali yakufayo imangozungulira payokha pamene wilo la mbali yabwino lili phee. Kanyali ka pa dashibodi kasakunamizeni. M'galimoto zambiri kamangonena kuti giya yalowa, sikadziwa zimene zikuchitika ku mawilo.

Zizindikiro zake n'zosabisika. Matayala akumbuyo amapala matope pamene akutsogolo akungokankhidwa ngati a ngolo. Nthawi zina kumamveka phokoso la "kererere" kuchokera ku wilo limodzi, kusonyeza kuti mano akukhudzana koma sakulumana. Habu ikhozanso kukana kumasuka, ndipo mudzamva kulira kutsogolo ngakhale muli pa 2H, mafuta nawo adzatha msanga.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Imikani galimoto pamalo osalala, zimitsani injini, ikani pa 2H, tsekerani matayala akumbuyo ndi miyala. Kwezani mawilo onse awiri akutsogolo ndipo muchirikize galimoto ndi zitsulo kapena matabwa olimba. Munthu asalowe pansi pa galimoto imene yakhalira jeke yokha. Tsopano zungulizani ndi manja pulopela yakutsogolo. Mudzamva "kha!" ndipo wilo lidzayamba kuyenda. Mnzanu aligwire wilolo zolimba, inu pitirizani kuzunguliza. Wilo linalo likayenda, habu yake ili moyo. Likakhala chete pamene pulopela ikungoyenda mopepuka, mwapeza mbali yodwala. Bwerezani pogwira wilo la mbali inayo.

Kawirikawiri munthu akatsegula sapeza chothyoka. Amapeza girisi. Amakaniko ena, pofuna kuonetsa kuti agwira ntchito, amadzaza habu ndi girisi wolimba wa mabering'i mpaka pakamwa, osadziwa kuti sipuling'i ya m'menemo ndi yofewa ndipo singathe kukankha kamphete m'phala lotero. Ku Rumphi kotentha habu yotere ikhoza kugwira ndithu. Ikafika ku Chelinda, kumene m'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi amachita kuundana m'mawa, girisi uja amauma gwaa, habu n'kukana. M'dzinja mdani ndi madzi ndi matope olowera pa gasiketi yong'ambika, amene amabala dzimbiri. Mankhwala ake ndi kumasula, kutsuka zonse ndi palafini, kuumitsa, kupaka girisi pang'ono chabe ndi kuika gasiketi yatsopano. Pomasula yalani zitsulozo pa thumba loyera mwa ndondomeko yake, pakuti wochepetsa kawashala kamodzi amabwerera kumene anayambira. Mano akapezeka odyeka kapena sipuling'i itathyoka, musaotcherere, gulani ina.

Galimoto zina, monga Suzuki Jimny, zimatseka mahabu ndi mpweya wokokedwa ndi injini. Pa zimenezo yambani mwaona timapaipi ta labala topita ku mawilo, chifukwa kamodzi kakang'ambika habu sigwira.

Mayendetsedwe nawo amapha mahabu. Ikani 4H musanalowe m'matope. Kuika giya pamene matayala akumbuyo ayamba kale kupala kumamenyetsa mano mwamphamvu, ndipo amagumuka. Chizolowezi chogwedeza galimoto yotitimira, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolonso, n'choipa pa habu yodzitseka yokha, pakuti imamasuka ndi kugwiranso nthawi iliyonse mwasintha kolowera. Potsika phiri kubwerera ku Thazima ndi katundu, habu yakufa ndi yoopsa koposa: injini imangogwira mawilo akumbuyo okha, ndipo pa dothi loterera mbuyo ya galimoto ikhoza kupatuka.

Eni Nissan Patrol ali ndi mwayi, popeza mahabu ambiri a galimotoyi ali ndi malo awiri, AUTO ndi LOCK. Ndi sipanala yomasulira matayala mukhoza kutembenuzira pa LOCK muli pa chipata, habu n'kukhala yotseka ulendo wonse. Kwa kalabu imene galimoto yake imakwera Nyika chaka ndi chaka, ife tikuona kuti n'kwanzeru kuchotsa mahabu odzitsekawo ndi kuika a dzanja, monga a Aisin kapena a Warn. Asinthidwe onse awiri pamodzi, ndipo popita kukagula ku Mzuzu nyamulani yakaleyo kuti akawerenge mano a shafuti asanakupatseni ina.