KUTSUKA UTSI WA M'FAKITALE

Kodi utsi nkutsukika? Inde, umatsukika. Inu a ku Malemia munaziona kale. Mwezi wa Okutobala anthu akatentha tchire, phiri la Malosa silioneka bwino chifukwa cha utsi. Koma chizimalupsa chikangogwa, m'mawa mwake phiri lija limaoneka bwinobwino. Madontho a mvula atsuka mpweya.

Nzeru yomweyi ndiyo amagwiritsa ntchito m'mafakitale akuluakulu otentha malasha. M'malasha muli salifa. Malasha akamayaka, salifayo amasanduka mpweya woipa wotsamwitsa. Mpweya umenewu umapweteka mapapo, makamaka a ana ndi a anthu odwala mphumu. Ukasakanikirana ndi mitambo, mvula yake imakhala ndi asidi, ndipo imaononga mbewu, mitengo ndi nsomba.

Nanga amatsuka bwanji? Utsi wotentha uja usanafike ku chumuni, amaulowetsa m'thanki yaitali ngati nsanja. Utsi umalowera pansi nkumakwera. Pamwamba pali mapaipi owaza madzi, monga muchitira pothirira ndiwo kudimba. Madziwo amawasakaniza ndi ufa wa miyala ya laimu, yonga ija ya ku Changalume kuno ku Zomba. Madzi amaziziritsa utsi nagwira fumbi. Laimu amagwira salifa. Mwa magawo 10 a mpweya woipawo, 9 amatsalira m'thanki. Pansi pamatsala phala loyera lotchedwa jipisamu, limene amathira popanga simenti.

Njirayi si yatsopano ayi. Ku London anayamba kutsuka utsi wa pa Battersea m'zaka za m'ma 1930. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, malo opangira magetsi a Kusile ali ndi makina otere. Komatu makinawa amafuna chisamaliro. Mu 2022 chipaipi chachikulu cha utsi chinagwa pa Kusile, litsiro litaunjikana m'kati mwake.

Chinanso ndi ichi: poizoni sathera m'malere, amangosamukira m'madzi. Madzi otsukira utsi akatayidwa mu mtsinje ngati Domasi, amene akumwa kumunsi ndiwo avutike. Choncho mukamva kuti kwanu kubwera fakitale, funsani pa msonkhano wa kwa amfumu: utsi wake adzautsuka? Nanga madzi akudawo adzapita kuti?

MAFUNSO
1. Kodi laimu amagwira ntchito yanji m'thanki?
2. Chifukwa chiyani madzi otsukira utsi sayenera kutayidwa mu mtsinje?