KUKOMETSA KOMBUCHA NDI ZIPATSO ZA PAKHOMO

Wolemba: Mlangizi wa za Ulimi

M'magolosale masiku ano mukuoneka mabotolo a chakumwa chotchedwa kombucha, ndipo alimi ambiri amene ndimakumana nawo m'midzi amandifunsa kuti, "Kodi a Mlangizi, sitingathe kupanga tokha chimenechi?" Mungathe ndithu. Koma pali njira yake, ndipo munthu wosasamala njirayo amangotaya shuga pachabe, mwinanso kuvulaza ana m'nyumba.

Kombucha ndi tiyi wa shuga amene wasasa. Anthu a ku China ndi ku Russia akhala akumwa kuyambira kale. Chimene chimasasitsa tiyiyo ndi chinthu chotuwa, choterera ngati chikopa chonyowa, chimene chimayandama pamwamba pake. A ku Russia amachitcha bowa wa tiyi, ngakhale si bowa weniweni. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga ndi kutulutsa kuwawasa ndi mpweya. Amayi odziwa kusasitsa thobwa sadzadabwa nazo zimenezi.

KUSASITSA KOYAMBA

Wiritsani lita 1 ya madzi. Thiranimo masupuni aang'ono 2 a masamba a tiyi wamba, monga wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, ndi masupuni aakulu 6 a shuga. Sefani, ndipo dikirani kuti azizire, pakuti tiyi wotentha amapha bowa. Tsanulirani m'botolo lagalasi lapakamwa potambalala, ikanimo bowa wopempha kwa mnzanu amene amapanga kale, pamodzi ndi theka la kapu ya kombucha wake wowawasa. Phimbani ndi nsalu yoyera, mangani ndi mphira, ndipo sungani pamthunzi masiku 7 kufikira 10.

Musasasitsire m'chitini kapena m'mbiya yopakidwa utoto wonyezimira. Kuwawasa kumadya chitsulo, ndiponso kumasungunula mtovu umene umapezeka m'mautoto ena. Mtovu ndi poizoni.

ZIPATSO ZIBWERE PAMBUYO

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Zipatso ndi zokometsera sizilowa m'botolo limene muli bowa. Zipatso zimaitana chuku ndi tintchentche, ndipo mafuta a m'zokometsera amafooketsa bowa. Tsono sambani m'manja ndi sopo, vuulani bowa, muusunge m'botolo lina pamodzi ndi theka la kapu ya kombucha yemweyo, kuti mudzayambire ulendo wina. Wotsalayo ndiye wokometsa.

Pezani mabotolo apulasitiki amene munali zakumwa za mpweya, a theka la lita, otsukidwa bwino. Ikani chokometsera pansi, thirani kombucha, koma siyani mpata wa zala zitatu kukhosi kwa botolo, ndipo tsekani zolimba. Muyeso wa botolo limodzi ndi uwu:

Mango, chinanazi, magwafa kapena magalagadeya: masupuni aakulu 3 a chipatso chakupsa bwino, chotsukidwa, chosendedwa ndi kuphwanyidwa. Chipatso chimene chayamba kuola chitayeni. Si cha m'botolo.

Malambe kapena bwemba: viikani m'madzi owiritsa amene azizira, sefani nthangala, ndipo thirani masupuni aakulu 2 a msuziwo. Popeza zipatsozi n'zowawasa kale, onjezani theka la supuni yaing'ono ya shuga.

Chidede: touma titatu kapena tinayi tikwanira kufiiritsa botolo lonse.

Jinja: supuni yaing'ono 1 ya wosinja. Amagwirizana bwino ndi madzi a ndimu, ndiponso ndi chinanazi. Sinamoni ndi wamphamvu, kachidutswa kofanana ndi chikhadabo n'kokwanira. Okonda kuwawa aike kachidutswa kakang'ono ka tsabola wa kambuzi m'botolo la mango.

Yambani ndi zokometsera ziwiri zokha m'botolo limodzi, kuti mudziwe chimene chakoma ndi chimene chaononga. Zochuluka sizidyeka bwino.

CHENJERANI NDI MPWEYA

Shuga wa m'chipatso ndi chakudya chatsopano cha tizilombo tija. Timayambanso ntchito, ndipo popeza botolo latsekedwa, mpweya ulibe kotulukira. Mpweya umenewu ndi umene umachititsa thovu lokoma pakhosi, komanso ndi umene umaphulitsa botolo.

Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. Mwezi wina wa Novembala, dzuwa lili phwee, ndinadzaza botolo lagalasi ndi mango ambiri chifukwa cha dyera, ndi kulisiya pansi pa tebulo masiku 5 osalitsegula. Usiku tinadzidzimuka ndi kuphulika ngati mfuti. Magalasi anamwazika kufikira pamphasa pamene pankagona mwana wanga wamng'ono. Mwamwayi sanavulale, koma amake anandiletsa kusasitsa kanthu m'nyumbamo kwa mwezi wathunthu, ndipo sanalakwe.

Chifukwa chake ndikuti gwiritsani ntchito botolo lapulasitiki. Lifinyeni m'mawa ndi madzulo. Likalimba ngati tayala la njinga lopopedwa, kombucha wapsa. M'chilimwe tsiku limodzi kapena awiri akwanira. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi zimatenga masiku 3 kapena 4. Tsegulirani panja, pang'onopang'ono, botolo litaloza kumene kulibe munthu. Sefani ndi kumwa. Ngati mulibe firiji, imikani mabotolo mumtsuko wa madzi ozizira, muzitulutsa mpweya tsiku ndi tsiku, ndipo amwedwe asanathe masiku awiri.

MAWU KWA MAKOLO

Mukaona chuku chaubweya pamwamba, chobiriwira, chakuda kapena choyera, tayani zonse pamodzi ndi bowa, ndipo tsukani botolo ndi madzi otentha. Musachite chisoni ndi shuga.

Dziwaninso kuti m'kombucha mumakhala mowa pang'ono, ndipo zipatso zimauonjezera. Musapatse ana aang'ono, amayi oyembekezera, kapena odwala amene thupi lawo lafooka. Wamkulu ayambe ndi theka la kapu pa tsiku. Ena amanena kuti kombucha amachiza nthenda zonse, musawamvere. Ndi chakumwa chabe, ndipo wodwala apite kuchipatala.

Chaka ndi chaka mango ndi magwafa amaolera pansi pa mitengo yathu, pamene ife tikutaya ndalama kugula zakumwa za m'sitolo. Yesani botolo limodzi sabata ino ndi chipatso chimene chapsa pakhomo panu. Likakoma, gawiraniko mnansi wanu bowa, ndipo mumuuzenso za mpweya uja.