Udindo wa Kampani za Migodi Umaonekera pa Damu la Zinyalala

Kampani zokumba zitsulo zimakonda kutchula zabwino zimene zachitira anthu: mjigo apa, sukulu apo, mbande za mitengo kwa amfumu. Zimenezi si zoipa ayi. Koma udindo weniweni wa kampani yotere umaonekera pamalo pamene alendo saperekezedwapo, ndipo malowo ndi damu losungiramo zinyalala za mgodi.

Pa matani 100 a miyala yokumbidwa, mkuwa wopezekamo nthawi zambiri sufika matani 3. Zotsalazo ndi matope osakanikirana ndi mankhwala, kwina asidi, ndipo amathiridwa m'damu limene khoma lake kawirikawiri limakhala la dothi kapena la matope omwewo. Damuli liyenera kuyang'aniridwa ngakhale mgodi utatsekedwa, pomwe kampani sikupezanso phindu lililonse pamalopo.

Pa 18 February 2025 damu lotere la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka ku Chambishi, m'chigawo cha Copperbelt ku Zambia. Chiwerengero choyamba chinati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi anatsikira mu mtsinje wa Mwambashi mpaka kulowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zitafa, chimanga cha m'mbali mwa madzi chinapserera, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa mipopi. Boma linachita kutumiza ndege za asilikali kukamwaza laimu mumtsinje pofuna kuchepetsa ukali wa asidi. Kampani inapepesa. Msodzi wa pa Kafue, amene sanagulitsepo mkuwa ngakhale kamodzi, anapachika maukonde ake.

Malangizo alipo. Damu la kampani ya Vale litapha anthu 270 ku Brumadinho, Brazil, mu 2019, chaka chotsatira panakhazikitsidwa muyezo wa dziko lonse wosamalira madamuwa. Umafuna kuti akatswiri odziimira paokha aziwayendera, kuti anthu okhala kumunsi azifunsidwa maganizo ndi kuuzidwa poyera zoopsa zimene zingawagwere. Chofooka chake n'chakuti si lamulo la boma. Kampani imautsata ikadzipereka yokha kapena ikakakamizidwa ndi oikamo ndalama.

Nkhaniyi isatitalikire ife a kunyanja. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, umene unaima mu 2014 n'kuyambiranso mu 2025, uli m'dera limene madzi ake amatsikira mu North Rukuru, mtsinje wothira m'Nyanja ya Malawi, momwe timakokamo usipa ndi chambo.