Kupulumutsa Makanema Akale Ophunzitsa za Magetsi

M'caka ca 1945 kampani ya General Electric ya ku America inatulutsa kanema wochedwa Principles of Electricity. M'kanemayo zithunzi zojambula pamanja zionetsa cimene diso silingathe kuona, ndico kuyenda kwa magetsi m'kati mwa waya. Wopenya aphunzira kuti volt ndiyo mphamvu yokankha magetsi, ampere ndiko kuculuka kwa magetsi oyendawo, ndipo ohm ndiwo muyeso wa kukaniza kwa waya. Makanema otere anali ambiri m'masukulu ndi m'mafakitale, koma tsopano ali pangozi.

Ambiri anapangidwa pa filimu ya mamilimita 16, imene kampani ya Kodak inayamba kugulitsa mu 1923. Filimuyi ikakhala pamalo otentha ndi a cinyontho iyamba kuola, nitulutsa fungo lowawasa longa la viniga. Pamenepo ifota, ipindika, nikhala yosacedwa kuthyoka. Nthendayi ilibe mankhwala, ndiponso mpweya wace ufulumizitsa kuonongeka kwa mafilimu ena oyandikana nayo. Cimene anthu angathe ndico kuicedwetsa cabe, pakusunga filimu m'cipinda cozizira ndi couma.

Nchito ya okonza ifuna kudekha. Poyamba aika m'citini ca filimu kapepala kobiriwira ngati thambo. Kakasanduka kacikasu, adziwa kuti kuola kwafika patali. Atatero afunyulula filimu ndi manja, alumikiza poduka, akonza timabowo ta m'mphepete, natsuka fumbi. Saiika m'makina oonetsera kanema, cifukwa mano ace angaing'ambe. M'malo mwace makina ena ajambula cithunzi ciri conse pacokha, nacisunga m'kompyuta. Pa sekondi imodzi papita zithunzi 24, cotero kanema wa mphindi 10 ali ndi zithunzi 14,400. Pomaliza acotsa zipsera ndi kuyeretsa mau.

Rick Prelinger anasonkhanitsa makanema otere zikwizikwi, ndipo mu 2002 nyumba ya mabuku ya Library of Congress inawalandira kuti iwasunge. Ambiri a iwo aonedwa kwaulere pa intaneti.

Kodi kubvutika konseku n'kwa ciani? Makina oonetsedwa m'makanemawo anatha kale, koma lamulo limene Georg Ohm analengeza mu 1827 silinasinthe. Waya woonda ukasenzetsedwa magetsi opyola muyeso utentha lero monga unatenthera kale, kaya pansi pa mgodi kaya m'nyumba ya m'komboni. Mnyamata amene waona cimeneci ndi maso ace pa kanema saciiwala msanga.