Mawu Ofotokozera Kuyeza Chitetezo cha Nkhuku ku Chitopa

Mabanja ambiri a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona amaŵeta nkhuku kuseri kwa nyumba, ndipo chitopa chikaloŵa khola limatha m'masiku oŵerengeka. Katemera wa I-2, wokonzedwa ku Central Veterinary Laboratory mu Lilongwe, amadonthezedwa m'diso, dontho limodzi pa nkhuku, miyezi inayi iliyonse. Woŵeta akafunsa chifukwa chodonthezera m'diso m'malo mobaya jekeseni, yankho lake limafuna mawu amene alembi sanagwirizanebe.

Kachirombo ka chitopa kamaloŵera m'maso, m'mphuno ndi kukhosi, malo okutidwa ndi nembanemba yonyowa. Kuseri kwa diso la nkhuku kuli kachiŵalo kotchedwa Harderian. Katemera akafika pamenepo, thupi limapanga zotchinjiriza za mtundu wa IgA, zimene zimatuluka m'misozi ndi m'mamina a m'njira yopumira, n'kugwira kachiromboko kakali pakhomo. Zimenezi n'zosiyana ndi IgY, zimene zimachuluka m'magazi ndipo thadzi limapatsira anapiye kudzera m'dzira.

Kayezedwe kakenso n'kosiyana. Njira yofala, yotchedwa HI, imayeza za m'magazi zokha. Ofufuza ofuna kudziŵa kuchuluka kwa IgA amatenga misozi, ndulu, kapena madzi otsukira kholingo, n'kuyeza ndi njira ya ELISA, imene Engvall ndi Perlmann anaifalitsa mu 1971. M'njira imeneyi madzi oyezedwawo amasintha mtundu, ndipo kuloŵerera kwa mtunduwo ndiko kumasonyeza muyezo. Ntchitoyi njovuta, pakuti misozi ya nkhuku ndi yochepa ndipo madzi otsukira amasungunula chimene chikufunidwacho.

Apa mpamene mlembi ayenera kusamala. Nkhuku yolandira katemera m'diso ikhoza kuonetsa muyezo wotsika m'magazi koma n'kupulumukabe ku chitopa. Wolemba kuti "nkhuku zapezeka zilibe chitetezo", pamene kwayezedwa magazi okha, amanamiza woŵeta wa ku Area 25, ndipo iyeyo akhoza kuleka katemera poganiza kuti ngwachabe. Chitetezo cha m'magazi ndi chitetezo cha m'nembanemba zitchulidwe padera.

Mawu oti "asilikali a m'thupi" sangathandize pano. Chiyambire nkhani za Edzi, oŵerenga anawazoloŵera ngati dzina la maselo oyera a m'magazi, pamene IgA si selo koma puloteni yopangidwa ndi maselo. Kubwereka n'kwabwino kuposa kusokoneza: antibodi, ambiri maantibodi, mphatikiram'mbuyo "ma-" wolumikizidwa popanda kamzere, monga mu mabuku ndi matebulo. Zidule za IgA, HI ndi ELISA zisiyidwe mmene zilili, chifukwa ndimo zimaonekera pa mapepala a zotsatira.

Akonzi aonetsetsenso mneni. Kuyeza n'kupeza kuchuluka kwa chinthu, pamene kuyesa n'kufuna kuona ngati chinthu chitheka. Katemera watsopano amayesedwa pa nkhuku. Maantibodi a m'misozi yake amayezedwa.